Febby Ayeza Zokolola za Mudzi wa Kambwiri

Mutu 6

1. Kalata ya a Sakala

Pasukulu ina ya sekondale ku Vubwi panali mtsikana wa Giredi 11, dzina lake Febby Zulu. Masamu ankawadziwa, pakamwanso sipankauma. Mwana wotere aphunzitsi amamukonda m'kalasi, koma amayi ake kunyumba amapumako bwino akatuluka.

Lolemba lina m'mwezi wa Juni, aphunzitsi a Sakala, a phunziro la zachuma, analowa m'kalasi akupukusa kalata m'mwamba.

"Tcherani khutu," anatero. "Boma lililonse limaika ndalama m'makoleji ndi m'mayunivesite. Koma mukafuna kudziwa dziko limene likuyesetsa kwenikweni, simuyang'ana kuchuluka kwa ndalamazo kokha. Dziko lolemera lingaike zambiri osamva n'kupweteka komwe. Akatswiri amatenga ndalamazo n'kuziyerekeza ndi chuma chonse chimene dzikolo lapanga chaka chimenecho, cha m'minda, cha m'migodi, cha m'masitolo. Funso lawo limakhala lakuti: pa zana lililonse, ndi zingati zapita ku maphunziro apamwamba?"

Ana ena anayamba kuyasamula. A Sakala sanakhumudwe, poti nkhani yokoma anali asanafikepo.

Kalatayo inachokera ku bungwe lina lothandiza ophunzira. Bungwelo linakonza mpikisano wa masukulu atatu, ya ku Katete, ya ku Sinda ndi ya ku Vubwi. Sukulu iliyonse itumize mwana mmodzi wochokera m'mudzi umene anthu amasonkha chimanga cholipirira ana awo kukoleji. Mwanayo ayeze mudzi wake ngati dziko: matumba amene mudzi wasonkha, kuyerekeza ndi matumba onse amene mudzi wakolola. Mudzi umene wapereka ambiri pa zana, bungwe lidzalipirira mwana wake wa kukoleji fizi ya chaka chonse. Mpikisano udzachitikira ku Katete Loweruka, ndipo udzaulutsidwa pa wailesi.

Febby anaimirira asanaitanidwe.

"Aphunzitsi, ndipita ndine!"

Palibe anatsutsa. Onse ankadziwa kuti kwawo kwa Febby, m'mudzi wa Kambwiri, kuli nkhokwe ya maphunziro kuseri kwa tchalitchi. Ankadziwanso kuti mkulu wake, Getrude, akuphunzira unamwino ku Chipata, ndiye mwana woyamba wa mudziwo kufika kukoleji. Chaka chatha nkhokweyo inakwanitsa. Chaka chino munalowa matumba 18 okha, ndipo akoleji anali atanena kale kuti mwezi ukatha fizi isanakwane, Getrude anyamule katundu abwerere kwawo.

2. Njala ya pakamwa

Mawa lake atachoka kusukulu, Febby anatenga kope ndi cholembera nayamba kuyenda khomo ndi khomo. M'mudzimo munali nyumba 32.

Anayambira kwa a Nikodemo, amene anawapeza akukonza mpini pansi pa mtengo wa mango.

"Agogo, mwakolola matumba angati chaka chino?"

A Nikodemo anaika mpini pansi, nkhope inagwa ngati amva za maliro.

"Mwanangu, usandikumbutse. Anyani anatigawana. Lemba atatu."

Febby anasuzumira kumbuyo kwawo. Nkhokwe ya a Nikodemo inali itadzaza mpaka kupendekeka, eni ake ataichirikiza ndi mitengo iwiri. Koma mwana satsutsa mkulu pakhomo pake. Analemba atatu.

Kwa mayi Christina anamva za chiswe. Kwa a Wilson anamva za mvula imene inadula pa munda wawo wokha, n'kugwa bwino kwa anzawo a m'malire. Pakhomo lina anamuuza "awiri ndi theka" uku nkhuku zikulephera kuthamanga ndi kunenepa.

Musawaseke kwambiri anthu a kwa Kambwiri, chifukwa kwanunso zili chomwecho. Munthu sanena poyera zimene wakolola. Ukatchula makumi atatu, mawa achibale afika ndi matumba opanda kanthu, aliyense ndi nkhani yake yomvetsa chisoni. Mkuja wamva kuti dzina lako lafufutidwa pa mndandanda wa feteleza, ati uyu ndi wolemera kale. Ndiye pali nsanje, imene sitiitchula masana. Choncho kwa Kambwiri chaka chilichonse chimakhala cha njala pakamwa, ngakhale ana akusewera mimba zili ng'aa.

Pomaliza Febby anafika kwa amayi ake.

"Lemba asanu," anatero amayiwo osatembenuka n'komwe.

"Amayi, koma nkhokwe yathu ija..."

"Nkhokwe ndi yako? Unalima ndiwe? Lemba asanu."

Lachinayi Febby anawonkhetsa. Mudzi wonse unakolola matumba 150. Pa amenewo unasonkha 18. Anagawa, anachulukitsa, n'kupeza khumi ndi awiri pa zana.

A Sakala ataona kopelo anavula magalasi, anawapukuta, n'kuwavalanso.

"Khumi ndi awiri! Mnzanga wa ku Sinda wandinong'oneza kuti iwo apeza asanu ndi atatu. Febby, mkulu wako amaliza sukulu."

Febby anabwerera kumudzi akuvina mumsewu, osasamala za fumbi la njinga zamoto zopita kumalire.

3. Ngolo ya malume Fabiano

Asanafike kunyumba anapatukira kwa malume ake, a Fabiano, kuti akawauze nkhani yabwinoyo. A Fabiano ndiwo anali ndi ngolo yokhayo m'mudzimo, ndi ng'ombe ziwiri, Kapiteni ndi Sitima. Anawapeza atagwada pambali pa gudumu, manja ali bii ndi girizi.

"Amalume, tapambana kale! Mudzi wathu wapereka khumi ndi awiri pa zana."

"Ehe? Wakolola angati mudziwu?"

"Matumba 150."

A Fabiano anayamba kuseka. Anaseka mpaka kukhala pansi, mpaka Kapiteni anasiya kubzikula n'kuwayang'ana.

"Bwera kuno, mwana wa mlongo wanga. Ukuziona zizindikiro izi pa thabwa? Ndikayenda maulendo khumi ndimapaka girizi, ndikapaka ndimakhwatcha kamzere ndi msomali kuti ndisaiwale. Werenga timizere ta chaka chino."

Febby anawerenga. Tinalipo khumi.

"Ndiye kuti maulendo zana, kututa chimanga cha mudzi uno kuchoka kumunda. Ngolo iyi ikadzaza, ukatonola, mumatuluka matumba asanu ndi limodzi. Masamu ndi ako, ine sukulu ndinalekeza ndili wamfupi."

Febby sanafune n'cholembera chomwe. Matumba 600. Pa amenewo, 18. Atatu pa zana. Anakhala pa goli.

"Ndiye sindinawerenge mtedza umene umawoloka pa njinga kupita ku Malawi," anawonjezera a Fabiano.

"Amalume, koma ine sindinaname. Ndalemba zimene eni ake anandiuza."

"Mpaka lero sunaname. Kuyambira lero ukudziwa."

Anapukuta manja pa chiguduli, n'kukhala pafupi naye.

"Tamvera, Febby. Getrude ndi mbumba yanga, ndinamunyamula pa ngolo yomweyi kupita naye kumsewu tsiku limene ankayamba koleji. Akabwerera opanda pepala, woyamba kulira ndine. Ndiye usaganize kuti ndikuyankhula chifukwa sizikundikhudza. Koma ndakhala ndikuona anyamata ogula mtedza amene amabwera ndi meda yoyezera yawoyawo, yomenyedwa ndi nyundo pansi kuti ikule mimba. Amati meda ndi meda. Amayi ako amathira, amathira, chitini osadzaza. Munthu amene wakhotetsa muyeso amaba osagwira thumba la mwini. Iwe ukapita ku Katete ndi 150 wakoyo, wakhotetsa meda. Pali mudzi wina umene wasonkha ndi mtima wonse, ndipo mwana wawo ndi amene akabwerere kwawo m'malo mwa wathu. Sumudziwa dzina, koma ali ndi amake.

"Chinanso ndi ichi. Mudzi uno ukamva pa wailesi kuti ndi ngwazi ya maboma atatu, udzadziguguda pachifuwa. Chaka chamawa adzasonkhanso 18, mwina 15, ati ife tinayamikidwa kale. Nanga iwe ukadzamaliza Giredi 12, akakulipirire ndani? Nanga ana a kumbuyo kwako? Bodza lokoma limagonetsa mudzi tulo.

"Komanso sindikubisira. Ukanena 600 pa wailesi, nkhuyu zodya mwana zidzapota akulu. Adzati Fabiano waulula za m'nkhokwe zathu, mwina chaka chamawa akabwereka ngolo kwina. Ndiye usatchule dzina la munthu aliyense, unene za mudzi wonse pamodzi. Ngati sunena, sindidzakudzudzula pagulu. Pakamwa ndi pako. Ine ndangokuonetsa thabwa."

Febby anapita kunyumba mwakachetechete, zimene zinadabwitsa amayi ake mpaka kumugwira pamphumi. Madzulo amenewo Febby analemba mapepala awiri. Lina la khumi ndi awiri, lina la atatu. Onse anawapinda n'kuwaika m'thumba la yunifomu. Kwa a Sakala sananene kanthu.

4. M'holo ya ku Katete

Loweruka ananyamuka mbandakucha, iye ndi a Sakala. Pofika ku Katete holo inali itadzaza ndi ana a sukulu. Kutsogolo kunakhala oweruza atatu, mkulu wawo mayi Mbewe, mphunzitsi wa payunivesite ina. Pambali panali mnyamata wa wailesi ndi zingwe zake, zimene aliyense wodutsa ankapunthwa nazo.

Anayamba ndi mtsikana wa ku Katete, Precious. Mudzi wake unapereka asanu pa zana. Anthu anaomba m'manja.

Kenako anaimirira Reuben wa ku Sinda, mnyamata wamtali, wa buluku lalifupi, wamanyazi ngati mkamwini watsopano. Mudzi wake unakolola matumba 500 n'kusonkha 40, ndiye kuti asanu ndi atatu pa zana.

"Nanga 500 ameneyu unamupeza bwanji?" anafunsa mayi Mbewe.

"Kwathu tili ndi kopaletivu, mayi. Chimanga chonse chimakwera pa sikelo aliyense akuona, chisanalowe m'nyumba. Poyamba anthu ankakana, koma anazolowera."

"Amene mumamulipirira ni ndani?"

"Ndi Yotam, mayi. Akuphunzira uphunzitsi. Makolo ake anamwalira, ndiye mudzi wonse ndiwo makolo ake. Wakhala uko kumbuyo."

Anthu anacheuka. Mnyamata wina wovala shati yoyera yotha m'khosi anaimirira pang'ono n'kukhalanso msanga.

"Febby Zulu, wa ku Vubwi!" anaitana mayi Mbewe.

A Sakala anamukankha pang'ono paphewa, akumwetulira ngati munthu amene wanunkhiza kale nyama ya phwando. Febby anapita kutsogolo. Anapisa m'thumba. Anayang'ana kumene kunakhala Yotam. Kenako anatulutsa mapepala onse awiri.

"Ine ndili ndi mayankho awiri," anatero. "Nditafunsa anthu pakamwa, mudzi wathu unakolola matumba 150. Tinasonkha 18, ndiye kuti khumi ndi awiri pa zana."

Holo inachita phokoso. Reuben anaweramitsa mutu.

"Koma dikirani. Nditafunsa ngolo imene inatuta chimangacho, inandiuza kuti matumba ndi 600."

"Unafunsa ngolo?" anatero mayi Mbewe.

Febby anafotokoza za girizi ndi timizere ta msomali. Anafotokozanso za anyani, chiswe, ndi mvula yodula pa munda wa munthu mmodzi, osatchula dzina ngakhale limodzi. Ana anaseka mpaka kugwirana, chifukwa aliyense anakumbukira agogo ake. Woweruza wina, mwamuna wonenepa, anaseka mpaka kutsokomola, mwina nayenso anali ndi nkhokwe yochirikiza.

Mayi Mbewe anadikira kuti phokoso lithe.

"Manje tiuze, mwana wanga. Pa mapepala awiriwa, tilembe liti? Ukudziwa kuti limodzi likupambanitsa, linalo likuika kothera?"

"Ndikudziwa, mayi. Amene akuphunzira ku Chipata ndi mkulu wanga."

Anakweza pepala lachiwiri m'mwamba.

"Lembani atatu pa zana."

A Sakala anavula magalasi, ulendo uno sanawavalenso msanga.

Mayi Mbewe anaimirira n'kuyankhula kwa ana onse.

"Mwamva? Vuto limene wapeza mtsikana uyu ni lomwe limatisautsa ife tikamayeza maiko. Ndalama zimene boma laika m'makoleji sizivuta kwambiri kuzipeza. Chovuta ni nambala ya pansi, chuma chonse cha dziko. Wogulitsa tomato pamsewu, wowolotsa mtedza pa njinga, amawerengedwa na ndani? Nambala ya pansi ikachepa, dziko limaoneka lowolowa manja pamene silili tero. Ikakhala ya chaka china, muyeso wonse wakhota. Ndiye mukamva munthu akunena kuti tapereka zakutizakuti pa zana, muzimufunsa kuti, zana la chiyani, ndipo anawerenga ndani?"

Anatembenukira kwa Febby.

"Ntchito yako ni yabwino kuposa zonse zimene ndaona lero. Koma sore, malamulo ni malamulo. Mphoto ipita ku Sinda."

Ana a ku Sinda anakwera pamabenchi. Yotam anabisa nkhope m'manja. Febby anaomba nawo m'manja, misozi ikutsika, ndipo sanaipukute. Zinamuwawa ndithu, palibe chifukwa chobisira.

5. Chitsulo cha kwa Kambwiri

Pobwerera anakwera minibasi. Atadutsa Chadiza a Sakala anatulutsa foni.

"Ine ndinaona khumi ndi awiri n'kusangalala, osafunsa kanthu. Mphunzitsi wa zachuma! Lolemba udzaphunzitse ndiwe, ine ndikhale pabenchi. Tenga, umuimbire mkulu wako."

Febby anaimba.

"Asisi, ndine."

"Ndamva, Febby. Timamvera wailesi hositelo yonse."

"Pepani, asisi."

Getrude anafwenthera.

"Ndalira kaye, ndisakunamize. Kenako anzanga ayamba kundifunsa za anyani a kwathu, ndaseka mpaka m'nthiti. Iwe mwana iwe! Ukanatenga ndalama za mwana wamasiye uja, jakisoni aliyense amene ndikanadzabaya munthu bwenzi dzanja likunjenjemera. Ndayamba kulongedza. Lachisanu mundidikire pamsewu."

Febby anabweza foni kwa a Sakala.

Anatsika pa siteji dzuwa litapendeka. Pansi pa mtengo panaima ngolo, Kapiteni ndi Sitima akupunga ntchentche ndi michira. A Fabiano anali atavala jekete lawo la kutchalitchi, pa Loweruka.

"Amalume, amva?"

"Amva? Ndi mbuzi zomwe zamva. A Wilson anaika wailesi pa mtondo pakati pa mudzi."

"Akwiya?"

"Akwiya pawiri. Theka la mudzi lakwiya kuti wanena kuti tinakolola zambiri. Theka linalo lakwiya kuti anthu a ku Sinda atiposa, maboma atatu akumva. Amayi ena akuti sapitanso kumsika wa ku Vubwi, akawaloza chala kuti awo a atatu pa zana. Kuyambira masana akhala akulozana m'maso, aliyense akuti wouma manja ndi mnzake. Ine andiitana kale maina anayi, awiri mwa iwo sindingawabwereze kwa mwana."

Febby anafuna kuseka, anafunanso kulira.

"Asisi akuti abwera Lachisanu."

"Lachisanu lili patali. Kwera."

A Sakala anatsanzika n'kulowera njira ya kusukulu. Ngolo itangoyamba kuyenda, kuchokera kumudzi kunamveka kulira kwa chitsulo cha patchalitchi, chija amamenya poitana anthu. Ngo! Ngo! Ngo! Sichinali kulira kwa maliro, sichinalinso kwa mapemphero.

"Amalume, msonkhano wa chiyani Loweruka madzulo?"

"Wa iwe. Akuti ubwere ndi kope lako lija, uyimirire pakati. Ena akufuna alitenthe. Ena akufuna ufunsenso nyumba ndi nyumba, pamaso pa onse, kuti tisonkhenso za Getrude."

"Ochuluka ndi ati?"

A Fabiano anakwapula chikoti m'mwamba, osakhudza ng'ombe.

"Pamene ndimachoka anali ofanana. Pukuta m'maso, mwana wa mlongo wanga, ndipo kopelo uligwiritse."